Wapansi kuchoka ku Namwera mpaka kwa Mponda: makolo musawakanize, akonzekeretseni

Sabata ino ndati tikambirane nkhani yomwe imazunguza mitu m'mabanja ena achikatolika kuno ku Mangochi. Mayi kapena bambo wa zaka 70 amangodzuka tsiku lina n'kuuza ana kuti, "Ine ndidalonjeza kwa Mulungu kuti ndikachira ndidzayenda wapansi kukathokoza, tsono nthawi yake ndi ino." Ana amangoti kakasi. Akati awakanize akuopa kuchimwa, akati awalole akuopa maliro a panjira. Ena amabisa nsapato za gogo, ena amakalipa, mapeto ake nkhalamba imangokhala ndwii pakhonde, mtima uli kulonjezo lija. Ine monga namwino wopuma pantchito komanso mkhristu mnzanu ndikuti kukalipa si mankhwala, kungowalekerera nakonso si chikondi. Ulendo wotere umatheka, koma umafuna kuukonza ngati mmene tikonzera ukwati.

Kuyenda wapansi kukapemphera kumalo oyera si zachilendo mu Mpingo. Ku Uganda, chaka chilichonse pa 3 Juni anthu amasonkhana ku Namugongo kukumbukira Karoli Lwanga ndi anzake omwe adatenthedwa mu 1886, ndipo ambiri amafikako atayenda masabata, ena kuchokera ku Kenya ndi Tanzania. Ku Spain, wofuna chikalata cha ulendo wa ku Santiago de Compostela amayenera kuyenda makilomita osachepera 100 wapansi. Kwathu kuno a ku Blantyre ali ndi Njira ya Mtanda yokwera phiri la Michiru. Nanga ife a ku Namwera? Ifetu malo a mbiri tili nawo pakhomo, kungoti mwana wa pakhomo sachedwa kupeputsa za kwawo.

Pa 28 Disembala 1889, ansembe a chipani cha White Fathers adafika pamudzi wa mfumu Mponda, m'mbali mwa mtsinje wa Shire pafupi ndi pomwe umatulukira m'nyanja ya Malawi. Mtsogoleri wawo adali bambo Adolphe Lechaptois. Adatsegula kasukulu, adapereka mankhwala kwa odwala, koma malungo ndi nkhondo za nthawiyo sizidawapatse mpata. Mu Juni 1891 adanyamuka n'kukakhazikika ku Mambwe, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Mpingo udadzabweranso mu 1901 pomwe a Montfort adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo mu 1902 a White Fathers adatsegula Mua ndi mamishoni ena. Komabe chiyambi chimawerengedwa kwa Mponda, n'chifukwa chake Papa Yohane Paulo Wachiwiri adabwera m'Malawi mu Meyi 1989, chaka chokwanitsa zaka 100. Dayosizi yathu ya Mangochi idakhazikitsidwa mu 1973, episkopi woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Choncho banja lomwe lingatsike ku Namwera wapansi, kukamva Misa ku kafidulo ya Augustino Woyera pa boma, n'kukathera kwa Mponda, layenda ulendo watanthauzo ndithu.

Njira yake ili chonchi

Kuchoka pa Namwera kukafika pa boma ndi makilomita pafupifupi 40, kutsata msewu wa tala womwe umachokera kuchipata cha Chiponde. Pa minibasi sumachedwa, koma pa mapazi a munthu wamkulu ndi nkhani ina. Chigawo choyamba n'chokoma. Namwera ali pamwamba, mphepo yake njozizira, msewu ukudutsa m'minda, m'maesiteti a fodya ndi m'misika ing'onoing'ono monga pa Majuni, pomwe mungagule nthochi ndi kupuma pamthunzi. Chakumwera kumaoneka phiri la Mangochi, komwe kuli mabwinja a linga lomwe Angerezi adamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Achinyamata adzafuna kupatukirako, koma muwauze kuti limenelo ndi tsiku lina. Ulendo wa gogo sufuna mapatuko.

Chigawo chachiwiri ndiye pagona nkhani. Apa msewu umatsika mapiri a ku Chowe mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Kukongola kwake n'kosaneneka, chifukwa kukacha bwino umaona nyanja ya Malawi kudzanja lamanja, Malombe kumanzere, Shire akulumikiza ziwirizi ngati ulusi. Koma anthu ambiri sadziwa kuti kutsika phiri kumapweteka mawondo kuposa kukwera. Pamatsitso thupi lonse limatsamira pa bondo, ndipo nkhalamba zambiri zimagwera pamatsitso osati pachikweza. Kuwonjezera apo, m'makona ena woyendetsa galimoto sakuona mpaka atafika pa iwe. Dera limeneli layandikananso ndi nkhalango ya Mangochi, yomwe kuyambira mu 2018 idayamba kusamalidwa ndi a African Parks pamodzi ndi Liwonde, ndipo muli njovu. Musayerekeze kudutsamo kuli mdima, ngakhale mwezi utawala bwanji.

Chigawo chachitatu ndi chigwa. Mukangotsika phiri mumamva ngati wina watsegula chitseko cha uvuni. Msewu ngwosalala, koma kutentha kwa ku Mangochi mukukudziwa. Thupi lomwe lazolowera mphepo ya ku Namwera limafooka msanga kumeneku, ndipo apa ndi pomwe madzi amathera m'thupi munthu osadziwa.

Yambirani ku chipatala

Safunsa adadya phula. Kusanatsale miyezi iwiri, tengani makolo ndi buku lawo la kuchipatala mupite akawayeze. Mukawauze adokotala mosabisa kuti mayiwa akufuna kuyenda makilomita 40, osangoti tabwera kudzayezetsa. Awayeze BP, shuga, magazi, amvetsere mtima ndi chifuwa, aone mapazi. BP yomwe imakhala yopitirira 140 pa 90 iyambe yatsika ndi mankhwala ulendo usanayambe. Munthu amene amamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa akamayenda, amene amabanika atangoyenda pang'ono, wotupa miyendo, wochita chizungulire pafupipafupi, wa chilonda chosapola kuphazi, kapena amene adachitapo sitiroko posachedwa, ameneyo wapansi wautali ayi. Pali njira ina yomwe ndifotokoze kumapetoku.

Akavomereza a chipatala, yambani kuyeserera. Sabata yoyamba aziyenda mphindi 20 m'mawa uliwonse, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka azitha maola awiri osadandaula, masiku awiri otsatizana. Kawiri pasabata apezereni kamtunda koti azikwera ndi kutsika ndi ndodo. Makolo ena adzakuuzani kuti, "Ine ndimalima tsiku lonse, kuyenda kungandivute?" Zoona, khasu limalimbitsa msana ndi manja, koma kumunda munthu amaponda dothi lofewa n'kumapumira pomwe wafuna. Tala ngwouma, amatentha, ndipo satha msanga. Nthawi yoyesererayi ndi imene idzakuuzeni zoona zake, chifukwa makolo athu sauza ana kuti atopa. Inu muziyang'ana mapumidwe awo ndi mmene akudzukira m'mawa mwake.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, dzuwa lisanapse. Okutobala ndi Novembala musayese n'komwe. Nthawi ya dzinja msewu umaterera, mitsinje imadzaza, udzudzu nawo umachuluka. Ndikudziwa kuti ambiri amafuna kuyenda m'nyengo ya Lenti, koma Lenti kwathu kuno imagwa mvula isanathe. Mwezi wa Meyi ndi mwezi wa Amayi Maria, ndipo mungayende mukupemphera kolona popanda kunyowa. Mu Juni ndi Julayi m'mawa wa ku Namwera umazizira kwambiri, tsono juzi ndi mpango zisatsale.

Gawani ulendowu masiku anayi kapena asanu, makilomita 8 mpaka 10 patsiku. Munthu wamkulu amayenda makilomita atatu pa ola, mwina osakwana, ndiye kuti maola atatu kapena anayi akwanira. Nyamukani kukangoyera, muzipuma mphindi 10 pa ola lililonse, ndipo ikamakwana 10 koloko mukhale mutafika pogona. Liwiro la gulu likhale la munthu wochedwetsetsa. Mwana mmodzi azikhala kutsogolo, wina kumbuyo, gogo pakati. Tsiku la mapiri a ku Chowe, langizo langa ndi lakuti makolo akwere galimoto pamalo otsetsereka kwambiri, achinyamata ayende m'malo mwawo, mukakumane kumunsi.

Pogona ndi katundu

Pitani kwa bambo mfumu a parishi yanu mukawafotokozere, akulembereni kalata. Kalata imeneyi ndi imene idzakutsegulireni makomo kwa akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati m'njiramo. Mwana mmodzi atsogole pa njinga yamoto sabata imodzi ulendo usanachitike, akaone malo ogona aliwonse ndi maso ake: kodi pali mjigo pafupi, chimbudzi chili bwanji, nanga chipatala chapafupi chili mtunda wotani? Pamudzi pomwe mugone, kaonekereni kwa a mfumu monga mwa mwambo. Ndipo mukalandiridwa pakhomo pa munthu musafike manjamanja. Tengani ufa, shuga, sopo ndi ndiwo zanu.

Chinthu chomwe simuyenera kuumira ndi galimoto kapena njinga yamoto yoti muiitane nthawi iliyonse. Gwirizanani ndi woyendetsa wodalirika ulendo usanayambe, ndalama yake ikhale padera, yosakhudzidwa ngakhale ndiwo zitatha. Yemweyo azinyamula zofunda ndi mapoto kupititsa pogona potsatira. Gogo asasenze kanthu kupatula kolona, ndodo ndi botolo la madzi. Mafoni akhale awiri a makampani osiyana, popeza m'mapirimo netiweki imasowa malo ena.

Nsapato zikhale zakale, zozolowera phazi, zotseka zala, zokhala ndi mpata pang'ono chifukwa phazi limatupa poyenda. Zatsopano zogula dzulo pamsika ndi mdani. Patapata ndi wapakhomo madzulo. Masokosi akhale awiriawiri osinthira, ndipo m'mawa pakani vaselini m'malo momwe nsapato imakhula. Madzulo aliwonse mwana atsuke mapazi a makolo, awapukute bwino mpaka pakati pa zala, awayang'ane ndi tochi. Izi n'zofunika koposa kwa odwala shuga, chifukwa ambiri phazi lawo lidachita dzanzi, amatha kuyenda tsiku lonse ndi kamwala mu nsapato osamva kanthu. Ndaona miyendo ikudulidwa chifukwa cha kachilonda kochepa ngati njere ya chimanga. Thuza likatuluka musalisende khungu, litsukeni n'kulimata pulasitala. Kwa wa shuga, thuza kapena chilonda ndiye kuti wapansi wathera pomwepo, akaonedwe ku chipatala.

Mankhwala a masiku onse atengedwe okwanira ndi ena apadera, m'kapepala ka pulasitiki, ndipo mwana mmodzi akhale woyang'anira nthawi yomwera. Asasiye mankhwala a BP ati chifukwa akukodzetsa. Amene amabaya insulini aisunge pamthunzi, yokulunga m'kansalu konyowa, osati m'thumba lomwe likuwombedwa ndi dzuwa. Pa zowawa za m'mawondo panado ndi wokwanira. Brufen ndi indosidi, omwe anthu amangogula m'magolosale, amapweteka m'mimba ndi impso za okalamba, makamaka thupi likakhala lopanda madzi okwanira.

Madzi, chakudya ndi udzudzu

Munthu akamakula ludzu salimva msanga, ndiye musadikire kuti apemphe. Pa kupuma kulikonse apatseni kapu ya madzi. Azibambo ena amakana kumwa poopa kutaya madzi pafupipafupi, koma ndi bwino kuima kakhumi panjira kusiyana n'kugonekedwa ndi diripi. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Tengani mapaketi a Thanzi, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi aukhondo. Amene a chipatala adawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso atsate zomwe adauzidwazo. Madzi akumwa akhale a pamjigo kapena owiritsa, ndipo muthiremo mankhwala a kolorini. Sitidaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu lino lidali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Sopo wosamba m'manja akhale pafupi, zakudya zozizira za m'mbali mwa msewu muzipewe.

Asanyamuke ndi njala. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, nthochi, mbatata yophika, mtedza ndi mazira owiritsa panjira, nsima mukafika. Wa shuga amene amamwa mapiritsi kapena kubaya akhoza kutsika shuga chifukwa choyenda. Mukaona akunjenjemera, thukuta lozizira lili kamukamu, akulankhula zosamveka kapena akukwiya popanda chifukwa, akhazikeni pansi muwapatse madzi osungunulamo masupuni ang'ono atatu a shuga, kenako chakudya. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, agonekeni chammbali n'kuthamangira ku chipatala.

Neti ya udzudzu aliyense atenge yake, ndi chingwe chomangira. Kuchigwa udzudzu sutha ngakhale m'chilimwe. Wina akatentha thupi panjira kapena patapita masiku mutabwerera, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Mukafika ku Shire musatengeke n'kukaviika mapazi m'madzi. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odekha a m'mabango ndiwo kwawo kwa likodzo.

Pamsewu yendani kudzanja lamanja, moyang'anana ndi galimoto zomwe zikubwera, mondondozana osati mopingasa. Wotsogola ndi wotsalira avale zowala. Nyimbo imbani ndithu, koma khutu limodzi likhale kumsewu, poti njinga zamoto za masiku ano siziliza belu.

Zizindikiro izi zikaoneka, ulendo waima ndipo palibe kukambirana: kupweteka pachifuwa, kubanika atakhala pansi, kukomoka, kusokonezeka mutu, kukhota pakamwa, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, kutsegula m'mimba kwamadzi. Mugwirizane zimenezi pakhomo musananyamuke, makolo avomere ndi pakamwa pawo pamaso pa ana onse, kuti panjira pasakhale mkangano.

Tikudutsa pakati pa abale athu

Midzi yambiri ya m'njirayi ndi ya abale athu Achisilamu, ndipo ndi amene adzatipatse mpando ndi mthunzi. Ife a ku Namwera takhala nawo limodzi kuyambira kale, timakwatirana, timalirana maliro. Moni wa Chiyao, "Ajimwiche uli?", amatsegula mitima kuposa china chilichonse, ndipo "Sikomo" asachoke pakamwa. Podutsa pa mzikiti nthawi ya mapemphero tsitsani nyimbo. Nyama ya nkhumba ndi mowa zisapezeke m'katundu wanu. Ulendo ukagwa m'mwezi wa Ramadhani, pemphani malo apadera odyera m'malo motafuna pamaso pa anthu omwe akusala. Valani modzilemekeza. Mwapita kukapemphera, simudapite kukatsutsana ndi munthu za chipembedzo.

Nanga lonjezo lija?

Apa ndi pomwe makolo ambiri amaumira, tsono ana mudziwe zomwe Mpingo umaphunzitsa. Lamulo la kusala chakudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera limagwira munthu kuyambira zaka 18 mpaka atalowa chaka cha 60. Gogo wa zaka 70 sakakamizidwa kusala, ndipo kuyenda ndi njala si kuwonjezera chiyero. Ngakhale ola limodzi losala tisanalandire Ukaristia silikakamiza okalamba ndi odwala. Pa za lonjezo lomwe munthu adachita payekha kwa Mulungu, malamulo a Mpingo amapatsa bambo mfumu mphamvu yomasula munthu kapena kumusinthira ntchito ina pakakhala chifukwa chokwanira, ndipo matenda ndi ukalamba ndi zifukwa zokwanira. M'chaka cha Jubile cha 2025, chomwe Papa Fransisko adatsegula pa 24 Disembala 2024, Mpingo udanena poyera kuti okalamba ndi odwala omwe sangathe kuyenda alandira nawo madalitso a chakacho popemphera ali komwe ali.

Choncho ngati a chipatala akana, musakhale inu ana owuza mayi kuti lonjezo lafa. Pitani nawo kwa bambo mfumu, amve kuchokera kwa wansembe. Mwina adzawauza kuti akwere galimoto mpaka tsidya la kum'mawa kwa Shire, ayende wapansi kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku kafidulo, ana ndi zidzukulu atayenda mtunda wotsalawo m'dzina lawo. Mtima wa kholo umakhazikika ukamva kuti ngongole yake kwa Mulungu yabwezedwa.

Pofika pa boma

Konzani kuti tsiku lomaliza likhale lalifupi, mufike Loweruka m'mawa, mupume, mukalape madzulo, Misa mumve Lamulungu. Mukangowoloka mlatho mudzaona nsanja ya wotchi yomwe idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen ya nkhondo ya 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Imani pang'ono muwapempherere, zidzukulu zimve mbiri. Kwa Mponda ndi kumpoto kwa tauni, tsidya lomwelo. Funsani ansembe a pa kafidulo akupatseni munthu wokuperekezani, ndipo mukafika yambani mwapereka ulemu kwa eni mudzi.

Pobwerera nonse kwerani galimoto. Palibe chifukwa chokwezera nkhalamba mapiri a ku Chowe wapansi. Kunyumba apume masiku atatu osagwira khasu, muziyang'anabe mapazi ndi kutentha kwa thupi kwa masabata awiri.

Ana anga, makolowa adatibereka kumsana kupita nafe ku sikelo mitunda yoposa iyi, osadandaula. Lero akapempha kuti tiwaperekeze kokathokoza Mulungu, tisawayankhe ndi mkwiyo kapena ndi ulesi. Khalani pansi monga banja sabata ino, gawanani ntchito, wina za chipatala, wina za kwa bambo mfumu, wina za galimoto.